Madontho Akuda Pansi pa Galimoto ya Atate

Fungo la oyilo wakale likasakanikirana ndi fumbi lotentha, limandibweza kwathu msanga kuposa basi ina iliyonse. Ndikangolimva, kaya pa galaja kaya pa siteshoni, ndimaona mtengo wa mango umene unali pakati pa bwalo lathu, ndi miyendo ya atate itatulukira kunsi kwa galimoto, zidendene zawo zong'aluka zikupalasa mchenga. Kwathu kunali kamudzi ka pakati pa Katete ndi Sinda, kotalikirako ndi msewu wa tala, koma osati kwambiri, chifukwa mphepo ikatembenuka tinkamva malole akubuula pokwera chitunda. Atate ndiwo ankawamva kuposa tonsefe. Lole ikalira kutali, ankasiya kutafuna, khutu lili kumsewu, mpaka phokosolo litazimiririka.

Galimoto yawo inali vani yakale ya bokosi kumbuyo, yoti pa unyamata wake inali yoyera, ndipo chitseko cha kumanzere ankachimanga ndi legeni. Ndi imeneyo ankanyamulira anthu chimanga, nsawa ndi thonje kupita nazo ku Katete kapena ku Chipata, nthawi zina mpaka kumalire a ku Vubwi. Atate sanali munthu woipa. Anali oseka, opatsa, ndipo pobwera sankalephera kutitengera mabanzi, ngakhale ankafika ataphwanyika ndi kukhaliridwa. Vuto lawo linali limodzi lokha, kusakhazikika. Akagona pakhomo masiku angapo ankayamba kuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, ndipo tonse tinkadziwa kuti ulendo wapsa. Amayi ankati anthu amanena kuti mlendo ndi mame, koma iwo mame awo anachita kukwatiwa nawo.

Chilimwe chimene ndikukumbukachi ndinali mu giredi folo, ndipo mlongo wanga Ganizani anali akukwawa. Chaka cham'mbuyo mwake atate anali atachoka mvula ili pafupi, nanena kuti akungotula katundu ku Vubwi n'kubwerera. Anabwera chimanga cha anzathu chitafika m'mawondo. Ng'ombe tinali nazo, Bulaki ndi Bantomu, koma pulawo imafuna mwamuna woigwira, ndipo amayi ndi mwana kumsana sakanaitha. Tinadikira malume kuti atsirize munda wawo. Mmera m'poyamba, ndipo wathu unaphonya. Chimanga chinatuluka chachikasu, nkhokwe inatha msanga, moti tinaphunzira kudya kamodzi pa tsiku n'kumanena kuti sitikumva njala. Ku mjigo azimayi ankatsitsa mawu amayi akamafika, ndipo dzina la Vubwi ndinkalimva likutuluka pansipansi, limodzi ndi nkhani ya mayi wina wogulitsa zitenje kumalireko. Amayi ankangopopa madzi mwamphamvu kuposa mmene mjigo unkafunira.

Ndiye chaka chotsatiracho, nyenje zitangoyamba kulira m'mitengo, atate anafika masana dzuwa likuswa mtengo, galimoto ikusiya kamzere kakuda kuchokera kunjira mpaka pansi pa mango. Anatsika nkhope ili gwa, nagwada, nasuzumira kunsi. Injini inkadontha oyilo. Anati ndi ntchito ya masiku awiri, chifukwa a Mwale, wamalonda wa ku Katete amene ankawapatsa maulendo, anali ndi feteleza woti apite ku Vubwi mvula isanaononge misewu. Nditamva dzina la Vubwi ndinayang'ana amayi. Iwo anali kupeta nsawa, ndipo lichero silinaime ngakhale pang'ono. Koma ine ndinadziwa kuti injini ikapola atate apita, ndipo pulawo idzagonanso kuseri kwa khola mvula ikugwa.

Ntchito anaiyamba ndi khasu. Anakumba dzenje lalitali pansi pa mango kuti azilowamo galimoto ili pamwamba, ndipo amayi anadandaula kuti dzenje la maonekedwe amenewo pakhomo ndi malodza. Atate anaseka, nati akafa ndiye kuti atipeputsira ntchito. Kenaka anatsuka injini yonse ndi parafini ndi kasanza, mpaka zitsulo zimene sitinaonepo mtundu wake zinayamba kuwala. Zitauma anapempha amayi gaga wa nkhumba, namuwaza pa injini ponse, kuti poliza aone pamene oyilo ayambire kunyowetsa. Nkhuku zinaona ngati Khirisimasi yafika, ndipo ine ndinatuluka thukuta kuzithamangitsa. Injini italira, kamzere kakuda kanatulukira m'mphepete mwa sampu, chibeseni chachitsulo cha kunsi chimene oyilo amakhalamo. Atate analoza ndi chala, nati mbala yagwidwa, gasiketi yotseka mpata pakati pa sampu ndi injini yatha.

Gasiketi yatsopano sanagule. Atate ankakhulupirira kuti munthu wogula chinthu choti angathe kupanga yekha ndi waulesi. Anamasula sampu, naiika pa katoni yolimba ya sopo, n'kumagogoda m'mphepete mwake ndi mutu wa sipanala pang'onopang'ono mpaka chithunzi chake chitadindika. Anadula ndi lezala, naboola mabowo a mabawuti ndi msomali wotentha, napaka girisi mbali zonse. Ndinkakonda kuwaona akugwira ntchito imeneyo, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene ankakhala phee, lilime litatulukira pambali pa pakamwa. Ine anandipatsa udindo wanga. Madzulo ndinkayala katoni ina yoyera kunsi kwa injini, ndipo m'mawa, ndisanayambe kusesa pabwalo, ndinkaisolola n'kupita nayo kwa iwo. Ankandilandira ndi funso limodzimodzi, akupukuta kumaso: "Enelesi, katoni yati bwanji lero?"

Katoni inanena zoipa kwa masiku ambiri ndithu. Gasiketi yoyamba inafufuma n'kung'ambika. Yachiwiri anaimanga mopitirira, bawuti imodzi inathyokera m'kati, ndipo anatha masiku akuikolokosa. Atakonza zimenezo kunapezeka kuti bawuti yaikulu yotsitsira oyilo nayonso ikulira misozi, ndiye anaidulira washa kuchokera ku lilime la nsapato yawo yakale ya kutchalitchi. Kunja kunkatentha moti malata ankalira okha. Akamvuluvulu ankadutsa pabwalo n'kuthira mchenga m'zitsulo zimene anali atangotsuka, ndipo atate ankatukwana mphepo ngati munthu. Foni yawo inkagwira pa chulu cha kuseri kwa khola pokha, choncho kangapo pa tsiku ankatuluka m'dzenje, n'kuthamangira pa chulu, n'kumalonjeza a Mwale kuti mawa. Palibe amene ankakhala pansi pakhomo pathu chilimwe chimenecho. Ngakhale galu ankasamukasamuka, kusaka mthunzi umene sunali kumukwana.

Tsiku lina a Mwale anatopa ndi foni, nabwera okha pa njinga yamoto, atavala magalasi akuda ndi nsapato zosongoka zosayenera fumbi lathu. Anakana mpando, anakana madzi. Anaima pamphepete pa dzenje n'kumayankhula ndi miyendo ya atate m'chinyanja cha m'tauni. "A Banda, manje motoka izapola liti? Feteleza ili redi, anthu ku Vubwi angonitumira mafoni. Mvula ikagwa, bizinesi yafa." Atate anayankha ali kunsi komweko kuti zatsala pang'ono. Amayi anagwada patali, nawapatsa moni a Mwale mwaulemu wonse, koma atapita anasesa pamene anaima ngati panagwera zinyalala.

Kenaka m'mawa wina katoni inatuluka yoyera. Ndinaitembenuza, ndinainunkhiza, koma panalibe ngakhale kadontho. Atate anandinyamula n'kundizungulitsa m'mwamba, ndipo ndinaseka nawo, chifukwa chimwemwe chawo chinali chopatsirana. Kuseka kutatha ndi pamene ndinakumbukira tanthauzo lake. Tsiku lonselo ankaimba mluzu. Anatsuka galimoto, anamanga masipanala m'chiguduli, anapopa tayala losungira, nalengeza kuti katoni ikadzukanso youma mawa, adzanyamuka tsiku lomwelo. Amayi anaika makala m'simbi n'kusita malaya awo onse, monga mkazi amachitira, nawapinda m'chikwama. Madzulo amenewo mitambo inaunjikana mbali ya ku Mozambique, yakuda kunsi, ndipo m'mudzi monse munamveka anthu akukhoma magoli ndi kunola mapulawo. Kwathu kokha ndi kumene kunkakonzedwa ulendo.

Kutacha ndinadzuka msanga kuposa masiku onse, chifukwa mtima sunandilole kugona. Kunja kunali kutayera, nkhuku zikutsika mumtengo. Ndinatenga tsache, ndipo nditazungulira nyumba ndinaona amayi atagwada pambali pa galimoto, dzanja lili kunsi kwa injini. Pafupi nawo panali chitini chimene ndinkachidziwa bwino. Chinkakhala kuseri kwa khitchini, ndipo munali oyilo wakale wakuda bii, amene amayi ankapaka ndi nthenga ya nkhuku pa mizati ya nkhokwe kuti chiswe chisadye. Nthenga yomweyo inali m'manja mwawo. Anaipaka m'mphepete mwa sampu, kenaka anaigwedeza pamwamba pa katoni, madontho nagwa. Atatembenuka anandiona. Sanadzidzimuke, sanachite manyazi, ndipo sanandiopseze. Anangondiyang'ana nthawi yaitali ndi maso otopa, nati, "Yambira kuseri kwa khola, kuno ndasesa kale."

Ndinasesa kuseri kwa khola mpaka pansi panatsala pang'ono kubooka. Nthawi ya katoni itakwana ndinaisolola n'kukaipereka. Atate anali akumwa tiyi pakhonde. Anaiyang'ana, mluzu wa dzulo unathera pomwepo. Anakhudza dontho limodzi ndi chala, nalitikita ndi chala chachikulu, nalinunkhiza. Kenaka anaika kapu pansi, navula malaya abwino amene anali atavala kale, n'kulowanso m'dzenje. Amayi anatulutsa malaya m'chikwama n'kuwabwezera pa chingwe cha kuchipinda. Masana atate anakwera pa chulu, ndipo ndinamva akuuza a Mwale kuti yayambanso.

Masiku otsatirawo anali olemera kwa ine kuposa mtolo wa nkhuni zaziwisi. M'mawa uliwonse amayi ankadzuka ndi nthenga yawo, ine ndinkayambira kuseri kwa khola, ndipo katoni inkatuluka ndi madontho. Atate anasiya sampu n'kuyamba kusaka kwina. Anatsegula chivundikiro cha pamwamba pa injini n'kuchidulira gasiketi yake. Anamasula fyuluta yosefera oyilo, naipukuta, naibwezera. Anawazanso gaga, nkhuku zinachitanso phwando. Zala zawo zinali mabala okhaokha, ndipo msana unasupuka ndi dothi la m'dzenje. Ndinkawamvera chisoni chosaneneka, komanso, kunena zoona, ndinayamba kuwaona ngati munthu wopusitsika. Bambo amene ankadziwa matenda a lole pongoimva kulira kumsewu, lero akugonja kwa nthenga ya nkhuku! Amayi ndinkawakwiyira masana, ndikaona thukuta la atate. Koma madzulo, tikakhala tonse pamphasa, atate akuseweretsa Ganizani pa mawondo, mkwiyo unkasungunuka, ndipo ndinkapemphera kuti chitini chisathe.

Pakuti chinkatha. Ndinkachisuzumira mobisa popita kotaya phulusa, ndipo tsiku lililonse pansi pake pankayandikira. Mvula nayo inkangotinyenga. Mitambo inkabwera masana, bingu n'kugunda kutali, kamphepo konunkhira dothi lonyowa n'kutifika, kenaka zonse n'kupita kukagwa kwa ena. Anthu ankayenda maso ali kumwamba. Ine ndinkayenda maso ali pawiri, kumwamba ndi m'chitini, osadziwa kuti chiyambe n'chiti, mvula kugwa kapena oyilo wa amayi kutha. Chinthu china chimene ndinachiona koma osachiganizira n'chakuti atate anasiya kundifunsa funso lawo lija. Ndikabwera ndi katoni ankangoilandira, n'kugwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndikakonzeke za kusukulu.

Loweruka lina anati zakwana, apita ku Katete akagule gasiketi yeniyeni ya m'sitolo ndi oyilo watsopano, ndipo ananditenga kuti ndikawathandize kunyamula. Tinayenda pansi mpaka ku tala n'kukwera minibasi. M'tauni anandigulira bani ndi chakumwa chozizira, ndipo pobwerera ndinakhala pa miyendo yawo, chigubu cha oyilo chili kumapazi. Chinsinsi chinandilemera. Ndinaona mabala a pa zala zawo zimene zinandigwira pamimba, ndipo ndinati basi, ndinene, zikhale mmene zikhalire. Ndinatsegula pakamwa n'kuti, "Atate." Iwo anayang'ana pa windo, kumene anthu anali kusosa m'minda, nandifunsa ngati chilonda cha pakhosi pa Bulaki chinapola, chifukwa ng'ombe ya chilonda sisenza goli. Ndinati chinapola. Anafunsanso za chingwe cha pulawo, za mbewu, za mbali ya munda imene imasunga madzi, mpaka tinafika potsikira ine ndisananene kanthu.

Mawa lake, titachoka kutchalitchi, anagwira ntchito yaikulu. Anatsitsa oyilo yense wakale mu beseni, wakuda ngati makala, namanga gasiketi ya m'sitolo mosamala, bawuti iyi pang'ono, ya kutsidya pang'ono, kuti sampu ikhale mofanana. Kenaka anatsegula chigubu chatsopano. Oyilo ameneyo sindidzamuiwala, anali woyera ngati uchi, ndipo ankatsika mu fanulo dzuwa likuonekera m'kati mwake. Atamaliza ananyamula beseni la oyilo wakale uja, ndipo ine ndinaganiza kuti akukataya kudzala. Koma anapita nalo kuseri kwa khitchini. Ndinawatsatira chapatali. Anatenga chitini cha amayi, nachipendeketsa, naona kuti mwatsala tope lokha, n'kuthiramo mpaka chinadzaza. Amayi anali pakhomo pa khitchini, mthiko uli m'manja. Atate anati, osawayang'ana, "A Naphiri, chitini chanu chinatsala pang'ono kuuma. Chiswe chingatimalizire nkhokwe." Amayi anati zikomo, n'kulowa m'khitchini, ndipo anakhalamo nthawi yaitali ngakhale kuti pamoto panalibe chimene chikanapserera.

Ine ndinathawira kuseri kwa khola kukaseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi. Atate anga osauka, kunola okha mpeni wowachekera! Ndinkaona ngati amayi ndi munthu wochenjera kuposa wina aliyense m'boma la Katete, ndipo atate ndi mwana wamkulu woti tiziwasamala tonse awiri.

Lolemba m'mawa katoni inatuluka ndi madontho ake, akuda bii monga mwa masiku onse. Ndisanaipereke n'komwe tinamva njinga yamoto, ndipo a Mwale analowa pabwalo nkhope itatupa. Anali atamva kuti gasiketi ya m'sitolo yamangidwa, ndipo anabwera kudzatenga atate tsiku lomwelo. Atate anawaonetsa katoni. A Mwale anavula magalasi, naiyandikiza kumaso, nayang'ana chigubu chopanda kanthu chimene chinali pa tsinde la mango, nayang'ananso katoni. "Koma a Banda," anatero, "si mwaika oyilo wanyuwani dzulo? Manje uyu..." Atate anawalanda katoni ija n'kuipinda pakati. Sanakweze mawu. "Ndati ikudontha, a Mwale. Motoka ndi yanga, ndimaidziwa. Pezani ina, ine ulendo uno sinditha."

A Mwale anawayang'ana, nayang'ana amayi amene anali kutsuka mbale pa thandala msana uli kwa ife, kenaka anaseka kuseka kwa m'mphuno. Ananena zina zokhudza amuna odyetsedwa kondaine, naliza njinga yawo, natisiyira fumbi. Ine ndinkaganiza kuti atate apinda katoni chifukwa cha manyazi, poti mlendo waona kulephera kwawo. Tsiku limenelo sanalowe m'dzenje. Anazungulira nyumba kangapo, anakwera pa chulu n'kutsika osaimba foni, anaima kunjira kumvetsera malole. Madzulo anapita kuseri kwa khola, nakoka pulawo, nayamba kuipala dzimbiri.

Mvula inagwa sabata yomweyo, masana, ife tili m'kalasi. Inayamba ndi madontho akuluakulu olira pa malata ngati miyala, ndipo aphunzitsi analeka kuyankhula chifukwa palibe ankawamva. Ndinathamanga ulendo wonse wa kunyumba madzi akundilowa m'kamwa. Ndinapeza dzenje la pansi pa mango litadzaza madzi, galimoto itafunditsidwa chitenti, ndipo atate ali pakhonde akusoka chingwe cha goli. Kutacha tinali m'munda dzuwa lisanatuluke. Atate anagwira pulawo, ine ndinatsogolera ng'ombe, amayi ankabwera pambuyo akuponya mbewu, Ganizani ali kumsana. Dothi linkatembenuka lakuda, likufuka kanthunzi, ndipo atate ankakalipira Bulaki ndi Bantomu ndi mawu omwe aja ankakalipira injini. Tinadzala chimanga, tinadzala nsawa, ndipo chaka chimenecho ndife tinabwereketsa malume pulawo, ife titatsiriza.

Za katoni palibe anazitchulanso. Chitini chinabwerera ku ntchito yake ya chiswe, ndipo injini inapola yokha popanda wina kuigwira. Sindinganame kuti atate anasintha. Titamaliza kupalira koyamba, chimanga chitatseka mizere, anayambanso kuzungulira nyumba, ndipo m'mawa wina anavundukula chitenti, naliza galimoto, napita. Amayi anawasitira malaya ngati kale. Koma ulendo uno anapita munda uli wobiriwira, ndipo nkhokwe ya chaka chimenecho inatifikitsa ku zokolola zina. Anakhala munthu wa pamsewu mpaka pamene maso anawakana, ndipo anamwalira ali pakhomo, akumvetserabe malole.

Chinsinsi cha nthenga ndinachisunga mpaka ndinakula, ndikuwamverabe atate chisoni. Tsopano ndimaphunzitsa ku Sinda, ndipo ndili ndi kagalimoto kanga kotopa. Tsiku lina nditangosinthitsa oyilo, ndinadzuka n'kupeza kadontho pa simenti, chifukwa makanika sanamange bwino bawuti ya kunsi. Ndinagwada, ndinakakhudza ndi chala, n'kukatikita monga ankachitira atate. Kanali koyera ngati uchi. Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti yozizira, ndi zovala za kuntchito. Injini yothiridwa oyilo watsopano dzulo singadonthe wakuda lero. A Mwale anaona zimenezo pa kuyang'ana kumodzi. Nanga munthu amene anathira oyiloyo ndi manja ake, amene anawaza gaga kachiwiri n'kuona kuti palibe pamene pakunyowa?

Nditapita kumudzi ndinapeza amayi akusenda nsawa pansi pa mango womwe uja, ndipo ndinawafunsa mosazungulira ngati atate ankadziwa. Sanadabwe ndi funsolo, ngati kuti analidikira zaka zonsezi. Anaswa nsawa ina, naponya makoko kumbali, nati, "Nanga chitini chija anadzaza ndani?"

Ndili mwana ndinkaganiza kuti pabwalo paja panali wochenjera mmodzi ndi wopusitsidwa mmodzi, ndipo ine ndinali pakati, nditasenza chinsinsi. Lero ndikuona kuti chinsinsi panalibe. Amayi anali atapempha kale ndi pakamwa zaka zambiri mpaka mawu anawathera, ndipo sakanathanso kunena kuti khalani. Atate nawo, mmene analengedwera, sakanatha kuuza a Mwale, kapena kudziuza okha, kuti akukhala chifukwa mkazi wawo akufuna. Koma injini yodontha ndi chifukwa chimene mwamuna angaime nacho pa chulu n'kuchinena mokweza. Amayi anawapatsa chifukwacho ndi nthenga, iwo anachilandira, nalipira ndi khungu la zala zawo, akumasula ndi kumanga zitsulo zimene ankadziwa kuti zili bwino, mpaka mvula inagwa. Ine ndinkangonyamula katoni kuchoka kwa mmodzi kupita kwa mnzake m'mawa uliwonse, osadziwa kuti ndi mmene makolo anga ankayankhulirana.